Thandizo la aulumali likakanika: kumene zinthu zimasokonekera ndi momwe mungazikonzere

Funso limene limamveka kawirikawiri m'maofesi a zachisamaliro cha anthu, m'mipingo ndi m'mabungwe a anthu aulumali muno mu Blantyre ndi lakuti, "Kodi ndalama za olumala amalembetsa kuti?" Ofunsawo amakhala atachokera kutali, ku Bangwe, ku Chileka kapena ku Lirangwe, ndi ndalama ya minibasi yochita kukongola, ndipo ena amakhala atabereka kumsana mwana wamkulu amene sangathe kuyenda yekha. Yankho limene amalandira limakhala lalifupi ndiponso lopweteka, moti ambiri amabwerera ali ndi maganizo akuti wina wawadyera ndalama. Katangale amakhalapo ndithu nthawi zina, koma kawirikawiri vuto limayambira pa funso lomwelo, chifukwa m'Malawi mulibe thumba limodzi limene limalipira munthu mwezi ndi mwezi pa chifukwa chokhacho chakuti ali ndi ulumali. Chimene chilipo ndi makomo angapo osiyana, lililonse ndi lamulo lake ndi mapepala ake, ndipo khomo loyenera inu limadziwika poona momwe ulumaliwo unabwerera ndiponso momwe banja lanu likukhalira.

Maganizo akuti pali malipiro a mwezi ndi mwezi ali ndi kochokera. Abale athu ambiri akhalapo ku Joni, kumene bungwe la SASSA limaperekadi ndalama zotere kwa anthu aulumali a zaka 18 mpaka 59 amene ndi nzika za South Africa, okhala m'dzikomo ndi chilolezo chokhazikika, kapena othawa kwawo ovomerezeka. Nkhani imeneyi ikafika kuno imamveka ngati ndi chinthu chimene boma lililonse limachita. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhazikitsa lamulo la zaulumali mu 2012, ndipo mu 2024 linabweretsa lamulo latsopano la Persons with Disabilities Act, koma malamulowa sanabereke malipiro a mwezi ndi mwezi kwa munthu aliyense waulumali. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 aliwonse a zaka 5 kupita m'mwamba ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo anawerenga anthu achialubino 134,636. Ine ndimaona kuti chiwerengero chotere chimafunika ndondomeko yakeyake ya ndalama, ndipo mabungwe amene akulimbikira zimenezi akulondola. Koma podikira tsiku limenelo, n'zomvetsa chisoni kuona munthu akutaya ndalama zimene lamulo limamupatsa kale chifukwa chothera miyezi akusaka zimene kulibe.

"Ndinavulala pa ntchito, ndipo abwana anandipatsa kale kangachepe"

Ndiyambire pano chifukwa apa ndi pamene anthu amataya ndalama zochuluka, ndiponso ndi pamene nthawi imathamanga kwambiri. Lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito, Workers' Compensation Act la 2000, limanena kuti munthu akavulala pa ntchito, kapena akadwala matenda obwera ndi ntchito amene atchulidwa m'lamulomo, wolemba ntchito ayenera kumulipira. Ndalamazi sizichokera m'thumba la boma. Boma limayang'anira nkhaniyi kudzera mwa Kamishonala wa chipukuta misozi mu unduna wa zantchito, ndipo poyambira panu ndi ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, imene tonse timangoti ku Leba. Munthu amene makina a m'fakitale ya ku Makata kapena ku Chirimba amudula zala, akapita ku Social Welfare amakhala atasochera, ngakhale atapeza wogwira ntchito wachifundo chotani.

Ambiri safika n'komwe ku Leba chifukwa amaganiza kuti ayenera kusonyeza kuti bwana ndiye analakwa. Lamuloli silifuna zimenezo. Chofunika n'chakuti ngoziyo inachitika chifukwa cha ntchito ndiponso munthuyo ali pa ntchito, ngakhale zitakhala kuti makina anali abwinobwino ndipo dzanja linangoterereka. Wolemba ntchito angathe kudziteteza ngati wantchito anaphwanya dala malamulo a chitetezo mwa njira yoopsa, koma si iye amene amagamula yekha nkhani imeneyo mu ofesi mwake. Ena amafooka chifukwa alibe kalata yolembedwera ntchito, chonsecho pangano la pakamwa ndi pangano ndithu. Mapesilipi, mauthenga a pa foni osonyeza kuti malipiro alowa, buku losainira pofika ndi poweruka, yunifolomu, ndi anzanu amene anaona ngoziyo, zonsezi ndi umboni. N'zoona kuti lamuloli silikhudza odzilemba okha ntchito, aganyu ongodutsa, asilikali ankhondo, ndi achibale ogwira ntchito kwa m'bale wawo amene akukhala naye nyumba imodzi. Koma mlonda amene walondera geti limodzi zaka zitatu sasanduka wongodutsa chabe chifukwa bwana amamutchula waganyu, ndipo nkhani yotero iyenera kukaunikidwa ku Leba.

Kawerengedwe kake n'kofunika kukadziwa musanakhale pansi ndi wina aliyense. Munthu amene walumala kotheratu mwakuti sangagwirenso ntchito ayenera kulandira ndalama yofanana ndi malipiro ake a miyezi 54. Ngati ulumaliwo ndi wa mbali chabe, dokotala amaika mlingo wake pa 100, ndipo ndalama imatsika motsatira mlingowo. Tiyerekeze kuti munthu amalandira K150,000 pa mwezi: miyezi 54 ikupereka K8,100,000, ndipo ngati dokotala waika ulumali wake pa 20 pa 100, chipukuta misozi chikhala K1,620,000. Wantchito akamwalira pa ngoziyo, amene ankadalira iye amalandira malipiro a miyezi 42, ndipo mawu akuti "ankadalira" ndi ofunika, chifukwa ndalamayi si chuma cha masiye choti mbumba yonse igawane. Kuwonjezera apo, wolemba ntchito ayenera kulipira zoyenera za kuchipatala, ndipo ndalama imeneyo si mbali ya chipukuta misozi cha ulumali.

Tsopano yerekezani ziwerengero zimenezi ndi zimene zimachitika wovulala akangotuluka m'chipatala. Amaitanidwa ku ofesi, dzanja lidakali m'bandeji, ndipo amapeza envulopu ndi pepala lolembedwa m'Chingerezi zili pa tebulo. "Achimwene, pepani kwambiri ndi zimene zachitikazi. Tengani iyi muonere ana, ndipo musaine apa kungosonyeza kuti takuthandizani." Kunyumba kuli lendi ya miyezi iwiri, ufa watha, ndipo achibale amene amuperekeza amamunong'oneza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sindingamudzudzule munthu wotere chifukwa chotambasula dzanja. Chimene ndingalangize n'chakuti alandire thandizo la chakudya kapena la mankhwala ngati laperekedwa, koma pepala linene momveka kuti ndi thandizo la zimenezo, ndipo asasaine kapena kudinda chala pa chikalata chonena kuti nkhani yatha dokotala asanaike mlingo wa ulumali. Apemphe kope la pepalalo kapena alijambule pa foni, akaliwerengetse kwa munthu amene sali mbali ya kampaniyo. Ngati munasaina kale, musataye mtima, chifukwa lamuloli sililola kuti wantchito alandidwe ufulu wake ndi pangano la m'mbali. Tengani zonse zimene muli nazo mukafotokoze ku Leba.

Pali cholakwika china chimene chimachitika pa tsiku loyamba lenileni, ndipo chimavuta kukonza kuposa zonse. Wovulala akafika ku Queens kapena ku chipatala chaching'ono, dokotala amafunsa kuti chachitika n'chiyani, ndipo ena amayankha kuti agwa kunyumba chifukwa chouzidwa ndi kapitawo kapena poopa kuchotsedwa ntchito. Mawu amenewo amalowa m'kabuku ka kuchipatala, ndipo pakapita miyezi amakhala umboni wotsutsa mwini wake. Nenani zoona, tchulani malo, tsiku ndi chimene munkachita, ndipo muonetsetse kuti zalembedwa. Kabukuko musakasiye m'manja mwa kampani. Dziwaninso kuti mlingo wa ulumali umaikidwa bala likapola ndipo zaoneka kuti chatsala n'chiyani, choncho kuchedwa kwa lipoti lomaliza la dokotala si chizindikiro chakuti mwakanidwa. Chimene sichiyenera kuchedwa ndi kudziwitsa za ngoziyo. Wolemba ntchito ali ndi udindo wopereka lipoti la ngozi ku Leba, koma ambiri amazengereza, ndipo inu muli ndi ufulu wokanena nokha. Uzani bwana polemba kalata mwamsanga, ndipo dandaulo lanu likhale litalowa miyezi 12 isanathe kuchokera pa tsiku la ngozi. Malonjezo akuti "tikukambirana ndi a inshulansi" saimitsa nthawi imeneyi.

"Ntchito yandithera chifukwa cha matenda, ndipo akuti penshoni ndidikire ndikalambe"

Ulumali wambiri subwera ndi makina. Umabwera ndi sitiroko, shuga amene wadulitsa mwendo, maso amene asiya kuona, kapena matenda a m'maganizo, ndipo pamenepa lamulo la chipukuta misozi silikhudza pokhapokha matendawo atachokera ku ntchito. Zimene zimakutetezani ndi malamulo ena awiri. Employment Act la 2000 limapatsa wantchito amene wagwira miyezi 12 mosadukiza tchuthi cha matenda cha masabata osachepera 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka la malipiro pa chaka, bola pakhale kalata ya dokotala. Lamulo lomwelo limaletsa tsankho lochitira munthu chifukwa cha ulumali, monganso gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino, ndipo wolemba ntchito sangangokuchotsani popanda chifukwa chomveka ndiponso osakumvani. Ngati mwachotsedwa mosayenera, kadandauleni kwa mkulu wa ofesi ya zantchito miyezi 3 isanathe, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku bwalo la Industrial Relations Court, limene lilipo muno mu Blantyre.

Za penshoni, kuyambira 2011 olemba ntchito amakakamizidwa kusonkhera antchito awo, bwana 10 pa 100 ndipo wantchito 5 pa 100 ya malipiro, ndipo lamuloli linakonzedwanso mu 2023. Anthu ambiri amadziwa kuti ndalamazi zimatuluka munthu akafika zaka zopumira, koma sadziwa kuti zingathenso kutuluka ngati dokotala wovomerezeka watsimikiza kuti munthuyo sangagwirenso ntchito chifukwa cha matenda kapena ulumali. Chimene chimaimitsa mafayilo ambiri ndi kalata yochokera kwa bwana. Ikalembedwa kuti munasiya nokha ntchito kapena munathawa, kampani yosunga penshoni imakuonani ngati wina aliyense wosiya ntchito. Choncho limbikirani kuti chifukwa chenicheni chilembedwe, ndipo lipoti la dokotala linene za kulephera kugwira ntchito, osati dzina la matenda lokha. Vuto lina limaoneka mukapempha sitetimenti n'kupeza kuti ndalama zinkadulidwa pa pesilipi koma sizinkatumizidwa. Nkhani yotere ndi ya Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, ndipo mapesilipi anu ndiwo umboni. Inshulansi ya moyo imene lamulo limakakamiza bwana kukugulirani imalipira wantchito akamwalira, koma makampani ena amawonjezerapo gawo la ulumali, choncho funsani kuti muone chikalata chake.

Ngozi ya pamsewu ili ndi njira yake

Wogundidwa ndi galimoto pa Chipembere Highway kapena wovulala mu minibasi salipidwa ndi boma, koma ndi mwini galimoto yolakwayo kudzera mu inshulansi imene lamulo la pamsewu limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo. Apa, mosiyana ndi ngozi ya pa ntchito, funso lakuti analakwa ndani ndi lofunika, n'chifukwa chake lipoti la apolisi ndi nambala ya galimoto zili patsogolo pa zonse, kenako lipoti la dokotala ndi malisiti. Mlandu wa kuvulala uyenera kulowa m'khoti zaka 3 zisanathe, ndipo nthawi yosumira kampani ya inshulansi mwachindunji ndi yofupikirapo. Njinga zamoto za kabaza zambiri zimayenda opanda inshulansi, ndipo zikatero wotsala womusumira ndi woyendetsa kapena mwini njinga, amene nthawi zambiri alibe kanthu. Chenjerani ndi madobadoba amene amazungulira m'mawodi n'kumalonjeza kuti akupezerani loya. Kumanani ndi loyayo maso ndi maso ku ofesi yake, mumve za malipiro ake musanasaine, ndipo mlandu ukatha mupemphe kuona chikalata chosonyeza ndalama zonse zimene zinaperekedwa.

"Ndine wolumala, koma a Mtukula Pakhomo anandidumpha"

Mtukula Pakhomo ndiye ndondomeko imene anthu ambiri amaisokoneza ndi ndalama za aulumali. Inayamba mwa kuyesa ku Mchinji mu 2006 ndipo inafalikira m'maboma onse 28, ikuyendetsedwa ndi unduna woona za chisamaliro cha anthu kudzera m'makhonsolo, ndi ndalama za boma pamodzi ndi za mayiko ndi mabungwe othandiza. Chinthu choyamba kumvetsa n'chakuti imasankha banja, osati munthu. Kwa zaka zambiri lamulo lake lakhala lakuti banjalo liyenera kukhala losaukitsitsa ndiponso lopanda manja ogwira ntchito, kutanthauza kuti mulibe munthu wa zaka 19 mpaka 64 wamphamvu zogwira ntchito, kapena wamphamvu mmodzi akusamalira anthu opitirira 3. Kwa zaka zambiri chiwerengero cha olandira chakhala pafupifupi mabanja 10 pa 100 aliwonse m'boma, choncho ngakhale mabanja oyenera amatsala kunja malo akadzaza.

Ulumali umalowa m'kawerengedwe kameneka chifukwa munthu amene sangathe kugwira ntchito amawerengedwa kumbali ya osamalidwa, koma pawokha sutsegula khomo. Agogo a kwa Kunthembwe amene akusunga mwana wawo wosaona ndi adzukulu anayi amasiye ali ndi mwayi waukulu. Telala wa ku Ndirande woyenda pa njinga ya olumala, amene amapeza kangachepe ndi makina ake ndipo mkazi wake amagulitsa tomato, mwina sangalowe, ngakhale kuti amalipira mipando iwiri mu minibasi ndipo njinga yake imafuna matayala. Apa m'pamene ndondomekoyi imapelewera, chifukwa siwerengera ndalama zowonjezera zimene ulumali umadya tsiku ndi tsiku, koma kupelewera kumeneko si umboni wakuti komiti yakuchitirani chinyengo.

Mayina amachokera m'kaundula wa mabanja wotchedwa Unified Beneficiary Registry, kapena UBR mwachidule, amene amadzazidwa ndi olemba oyenda khomo ndi khomo, kenako mndandanda umakawerengedwa pa msonkhano wa m'dera kuti anthu autsimikize. Ngati simunalembedwe m'kaundulamo, palibe kalata ya dokotala imene ingakuikeni pa mndandanda wa malipiro, ndipo funso loyamba kufunsa ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ndi lakuti banja lanu lilimo kapena ayi, ndiponso linalembedwa ndi anthu angati. Pa tsiku la kalembera pamachitika chinthu chimene chimandiwawa mtima. Olemba akafika pabwalo, mwana wa khunyu kapena wovutika kuganiza amatsekeredwa kuchipinda, ndipo mayi akafunsidwa kuti, "Amayi, pakhomo pano alipo amene ali ndi ulumali kapena matenda okhalitsa?" amayankha kuti palibe, poopa kuti anansi amene aima pafupi akamva. Ena amayankha choncho moona mtima chifukwa amaganiza kuti ulumali ndi wa miyendo ndi maso basi, osadziwa kuti kusamva, khunyu ndi matenda a m'maganizo zimawerengedwanso. Mnyamata wa zaka 22 amene sangathe kudzisamalira akalembedwa ngati wabwinobwino, makina a kompyuta osanja mayina amamuona ngati munthu wamphamvu zodyetsa banja, ndipo banjalo limatsika pa mndandanda chifukwa cha iye yemweyo amene akanalikweza. Tchulani aliyense, sonyezani kabuku ka kuchipatala, ndipo pemphani kuti akuwerengereni zimene alemba asanachoke.

Ngati munadumphidwa, yambani ndi komiti ya Mtukula Pakhomo ya m'dera lanu ndi komiti yomva madandaulo, kenako ofesi ya zachisamaliro cha anthu ku khonsolo. Mfumu imathandiza kuitana anthu ndi kuchitira umboni, koma dzina siligulidwa kwa mfumu, kwa khansala kapena kwa wa komiti, ndipo kulembetsa n'kwaulere. Dziwaninso kuti mabanja atsopano amalowa makamaka pa nthawi yosankhanso, imene imabwera pakapita zaka zingapo, choncho dandaulo lanu lingathe kulandiridwa koma ndalama osayamba mwezi wotsatira.

Okhala mumzinda ali ndi chisokonezo chawochawo. Ndondomekoyi inazika mizu m'madera a mafumu monga Kapeni, Kuntaja, Somba, Lundu, Chigaru ndi Makata, pamene thandizo la ndalama la m'makomboni lakhala likubwera mwa apo ndi apo pa nthawi ya mavuto. Mu 2021, pa nthawi ya COVID-19, mabanja ena a m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba analandira K35,000 pa mwezi kwa miyezi 3, ndipo namondwe Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche mu March 2023 kunabweranso thandizo la mwadzidzidzi. Amene analandira pa nthawi zimenezo akamati "anatichotsa", nthawi zambiri chimene chinachitika n'chakuti thandizolo linali la kanthawi ndipo linatha kwa onse.

Dzina lilipo koma ndalama sizikufika

Vuto ili kawirikawiri limakhala la mapepala. Dzina la pa chiphaso cha unzika, dzina la m'kaundula ndi dzina limene simu kadi kapena akaunti ya kubanki inalembetsedwera ziyenera kukhala chimodzimodzi, chilembo ndi chilembo. Mayi amene m'kaundula analembedwa dzina la mwamuna wake pamene pa chiphaso pali dzina la bambo ake, kapena amene anapereka nambala ya foni ya mdzukulu, angathe kudikira miyezi osadziwa chimene chatsekereza. Ikani zikalata zitatuzi pamodzi muzifananize. Zolakwika za pa chiphaso zimakonzedwa ku National Registration Bureau, za simu kadi ku kampani ya foni, ndipo za m'kaundula ku khonsolo. Malipiro amachedwanso nthawi zina kwa dera lonse, choncho funsani anzanu olandira musanaganize kuti vuto ndi lanu lokha.

Munthu amene sangathe kuyenda kapena kuona amafuna womulandirira, ndipo ndi bwino womulandirirayo akhale wolembedwa ku komiti, osati wongobwereka foni. Achibale ena amasunga simu kadi ndi nambala yachinsinsi n'kumauza mwini wake kuti mwezi uno sizinalowe. Mwini ndalama ali ndi ufulu wopempha sitetimenti ndi kusintha womulandirira. Ndipo foni ikalira, munthu n'kunena kuti akuimba kuchokera ku unduna, mwasankhidwa kulandira ndalama za aulumali koma mutumize kaye ya fomu pa Mpamba kapena pa Airtel Money, dulani pomwepo. Palibe ofesi ya boma imene imafuna ndalama kapena nambala yanu yachinsinsi kuti ikulipireni.

Zimene MACODA ndi mabungwe angakuchitireni

Bungwe la boma loona za anthu aulumali limene tinkalidziwa kuti MACOHA, lobadwa ndi lamulo la 1971, linasinthidwa ndi lamulo la 2024 kukhala Malawi Council for Disability Affairs, kapena MACODA. Anthu ambiri amalembetsa kumeneko kapena ku mabungwe a pansi pa FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali), monga Malawi Union of the Blind, MANAD ya osamva, APAM ya achialubino ndi PODCAM ya makolo a ana aulumali, kenako n'kumadikira malipiro. Khadi la umembala si khadi lolandirira ndalama, ndipo thumba la Disability Trust Fund linakhazikitsidwa kuti lithandizire ntchito za zaulumali, osati kulipira aliyense pa mwezi. Komabe kulembetsa kuli ndi phindu lenileni, chifukwa kumeneko ndi kumene kumamveka za maphunziro a luso monga a ku Magomero m'boma la Chiradzulu, za ntchito monga ya fakitale yoluka ya ku Bangwe, ndi za zipangizo zikapezeka, ndiponso bungwe likakuperekezani ku ofesi dandaulo lanu limamveka msanga. Za mafizo ndi kuphunzira kuyendanso, Kachere Rehabilitation Centre ili pafupi ndi Queens, ndipo chipatala cha Beit CURE chimathandiza ana a mapazi opindika ndi mavuto ena a mafupa. Mwana wotere akamufulumizira, chithandizo chimayenda bwino kuposa akakula, choncho musamusunge pakhomo podikira ndalama.

Fayilo ikangokhala osayenda

Dandaulo la pakamwa limatha wogwira ntchito amene munamuuza akasamutsidwa. Lembani kalata, m'Chichewa momwemo ngati ndimo mungafotokoze bwino, muchite makope awiri, ndipo wolandira adinde ndi kulemba tsiku pa kope lanu. Ofesi ya boma ikachedwetsa nkhani popanda chifukwa kapena ikakana kukuyankhani, pitani kwa Ombudsman, ofesi yomva madandaulo a anthu okhudza maofesi a boma. Mukachitiridwa tsankho chifukwa cha ulumali, Malawi Human Rights Commission imalandira madandaulo otero, ndipo wina akakupemphani chiphuphu, nkhaniyo ndi ya Anti-Corruption Bureau. Amene akufuna loya koma alibe ndalama apemphe thandizo ku Legal Aid Bureau, atanyamula makope a kabuku ka kuchipatala, lipoti la dokotala, chiphaso cha unzika ndi makalata onse amene analemberana ndi bwana kapena ofesi. Zikalata zenizeni zikhale ndi inu nthawi zonse, ndipo muzingozisonyeza pofuna kutsimikiza makope. Ngati mwini nkhani ndi wosamva, pemphani womasulira chinenero cha manja kudzera ku MANAD, ndipo ngati ndi wosaona, chikalata chilichonse chiwerengedwe mokweza pamaso pa mboni imene iye mwini wasankha asanadinde chala.